Malilime a Mayi Lusiya

"Agwireni m'khwapamo! Awiri uku, awiri uko. Lero ayenda basi!"

Anatero Yona, thukuta lili chuchuchu, tayi itakhotera paphewa. Amuna anayi a mumpingo wake anawerama pamphasa, nanyamula amayi ake, Mayi Lusiya, monga anyamulira thumba la makala. Mapazi atangogunda simenti, amayiwo anakuwa. Kukuwako kunakafika mpaka pampopi pomwe akazi a ku Bangwe amakanganirana ndowa. Kenaka pakamwa pawo pokhotapo panayamba kutuluka mawu, ambirimbiri, othamanga, koma panalibe ndi limodzi lomwe limene munthu m'nyumbamo akanalitola.

"Aleluya! Mzimu watsika!" anafuula mayi wina wa duku loyera. Nyumba yonse inaphulika. Ena kuomba m'manja, ena kudzigwetsa pansi, ng'oma ili di di di pakhonde.

Yona anatsinzina, naika dzanja kukhutu. "Akuti, ana anga a ku Bangwe, tayani kachasu! Akuti chaka chino sichitha ndisanagwedeze phiri la Mpingwe!"

Anastasia, mchemwali wake wa Yona, anaima pakhomo la kuchipinda ndi beseni m'manja, mano atalumana. Iye ndiye ankawasambitsa amayiwo, kuwamwetsa phala ndi kuwasinthira nsalu. Malilime sanali achilendo kwa iye. Chibwerere zipani zambiri, aliyense wokhala ndi jekete ndi mawu okweza ankatsegula mpingo pabalaza pake, ndipo malilime ankamveka mpanda uliwonse. Koma sanaonepo munthu wodzazidwa ndi mzimu akutulutsa misozi yotere, zala zikukanda m'mwamba ngati wogwera m'chitsime. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kudziwa chimene amayi ake akunena, asanamuthere m'manja.

Nkhani inayamba chonchi. Masabata atatu m'mbuyomo, chisanu cha 1996 chitangoyamba, Mayi Lusiya anagwa kubafa. Anathamanga nawo ku kachipatala ka munthu wina kuseri kwa msika. Mwini wakeyo anawayang'ana kukamwa, nawayeza kuthamanga kwa magazi, nati ndi sitiroko, akagone kunyumba. Atatsitsimuka, Chichewa chimene analankhula zaka makumi asanu ndi awiri chinali chitawathawa chonse, ndi maina a ana awo omwe. Kunangotsala mawu achilendowa.

Anastasia sanakhale manja lende. Anaitana a neba, Mayi Malizani, Mlomwe weniweni wa ku Phalombe. Iwo anamvetsera nati, "Chikununkhira kwathu, koma si chathu." Anaitana mlonda wina wa ku Nsanje, naye anapukusa mutu, si Chisena. Myao wogulitsa nsomba anangoseka. Basi Yona anapeza pogwira. Iye anali atachotsedwa ntchito kufakitale ya nsalu chaka chathacho, nayambitsa feloshipu ndi anthu asanu ndi atatu, atatu mwa iwo ana ake omwe.

"Si Chilomwe, si Chisena, si Chiyao. Ndiye n'chiyani?" anatero. "N'chilankhulo cha angelo!"

Tsopano Lachiwiri, Lachitatu ndi Lamulungu anthu ankachokera ku Namiyango, ku Machinjiri, ena mpaka ku Chilomoni, kudzaona nkhalamba ya malilime. Tsiku lililonse la mapemphero ankawaimika kuti ayende mwa chikhulupiriro, popeza zinadziwika kuti mzimu umatsika msanga akaimirira. Anastasia anayesapo kukana. Yona anamukumbutsa kuti nyumba ndi yake, mwini mbumba ndi iye, ndipo wokayika ndiye amachedwetsa machiritso.

Tsiku la phokoso lija linali Lachiwiri, ndipo pakona panakhala mlendo, bambo wa magalasi wa zaka ngati makumi anayi, ndi kawayilesi kojambulira mawu pamiyendo. Dzina lake anali Howard, mphunzitsi wa ku yunivesite. Anthu atabalalika, Mayi Lusiya atabwezedwa pamphasa akubuula, Yona anamutsegulira Fanta.

"Ndiye mwati mumafufuza chiyani, bwana?"

"Chiyambi cha chilankhulo, abusa. Kuti munthu anayamba bwanji kulankhula, ndi momwe zilankhulo zakhala zikusinthira kuchokera pamenepo."

"Mpaka kuononga maso chifukwa cha zimenezo? Nsanja ya Babele, bwana! Mwana wa Sande sukulu amadziwa. Mulungu anasokoneza, nkhani yatha. Vulani magalasiwo mupume."

Howard anaseka nawo. "Zikanakhala zophweka choncho tikanapuma ndithu. Mafupa a anthu akale timafukula, miphika yawo timafukula, koma mawu safukulika. Ena amati tinayamba n'kutsanzira mbalame. Ena amati ndi amayi potonthoza ana. Ena amati n'kukuwa kwa ululu, munthu akapsa kapena akalasidwa, ndiye kukuwako kunasanduka mawu pang'onopang'ono. Ine ndimajambula makanda, ndimajambulanso malilime, kuti ndimve chimene pakamwa pamachita pakasiya chilankhulo. Uno ndi mpingo wa khumi ndi chinayi."

"Koma ngati uno simunaupezepo."

"Tiyeni timve."

Anabweza kaseti, naika tizingwe m'makutu. Anastasia anali akusesa fumbi limene anthu anasiya, koma diso linali pa mlendoyo. Anaona nkhope yake ikusintha. Mlendoyo anabwezanso kaseti. Kachitatu anatulutsa kope nayamba kulemba mothamanga, Fanta osamukhudza.

"Abusa, mundikhululukire. Awa si malilime."

"Mwati?"

"Malilime onse amene ndajambula amayenda ngati madzi, sabwerera pamalo amodzimodzi. Agogowa akubwereza ziganizo zinayi kapena zisanu, mwadongosolo lake, ndipo akamaliza akuima kaye. Ichi n'chilankhulo cha anthu. Akulankhula ndi winawake, ndipo akudikira yankho."

Yona anaimirira, nakoka jekete. "Mwalowa m'nyumba mwanga, ndakutsegulirani Fanta, ndiye mukufuna muphunzitse Mzimu Woyera kalankhulidwe? Za mzimu zimazindikirika ndi a mzimu. Khomo ndi ilo."

Anastasia anaponya tsache, namutsatira mlendoyo. Anamupeza pa kamlatho ka matabwa, panjira yotsikira kusiteji ya minibasi.

"Bambo, taimani. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye musandizungulitse. Akuti chiyani amayi anga?"

"Sindikudziwa, mayi. Ndikungodziwa kuti n'chachibale ndi chathu." Anatsegula kope lija, momwe munali mizere ya mawu ondondozana. "Onani apa. Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chisena, ngakhale Chizulu cha ku Joni, onsewa ndi ana a mayi mmodzi. Kalekale chinali chilankhulo chimodzi. Anthu anabalalika, ena kutsata mitsinje, ena kudutsa mapiri, ndipo mawu anayamba kutha mosiyana, monga khasu limathera mbali imene mwini wake amalimira. Pakapita zaka chikwi, abale sakumvananso. Cha agogowa chayandikana ndi Chilomwe, koma chili ndi kamvekedwe kena kamene ndikukaganizira kunyanja ya mchere, cha ku Kilimani ku Mozambique. Kwawo n'kuti?"

"Ku Thyolo, kuesiteti ya tiyi."

"Asanafike kuesiteti?"

Zaka makumi asanu ali ndi mayi, funso limenelo Anastasia sanalifunsepo.

Malemu bambo ake anali kalaliki wa kuesiteti, munthu wa kolala yoyera, ndipo m'nyumba mwawo munkaloledwa Chinyanja ndi Chingerezi basi. Masiku amenewo wochokera kutsidya kwa malire ankatchedwa Mnguru, wodya njoka, ndipo mwana akalandira dzina limenelo kusukulu ankabwera akulira. Kenaka inafika nthawi ya chipani chimodzi, wayilesi n'kumalankhula chilankhulo chimodzi, aliyense n'kumeza cha kwawo. Anakumbuka tsiku lina ali Sitandade 3. Pobwera kusukulu ndi anzake, anapeza amayi akusinja chimanga uku akuimba nyimbo yachilendo. Anzakewo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iye anathamanga nakagwira munsi. "Amayi, mukutichititsa manyazi!" Amayiwo anamuyang'ana, napitiriza kusinja mwakachetechete. Sanawamvenso akuimba.

"Zimachitika," anatero Howard. "Sitiroko nthawi zina imagwetsa chilankhulo chimene munthu anachiphunzira atakula, n'kusiya cha kubere. Pulasitala akagwa, njerwa zimaonekera. Musadandaule. Kasetiyi ndipita nayo kuntchito. Kuli mndandanda wa mawu umene analemba ansembe akale, ndikafananiza. Pakutha pa mwezi ndibwera ndi yankho."

"Pakutha pa mwezi?"

"Inde, ophunzira akatha mayeso."

"Mawa ndi Lachitatu. Thuu koloko awaimikanso."

"Mayi, kafukufuku safuna phuma."

Anastasia anatambasula dzanja. "Bweretsani kasetiyo. Anthu anu akalewo anafa kale, adikira. Amayi anga sadikira."

Howard anayang'ana dzanjalo, dzanja lokhakhala la munthu wonyamula madengu a tomato, natulutsa kasetiyo. "Kafunseni za Achuwabo, anthu a ku Kilimaniko. Mwina ndalakwitsa, koma yambirani pamenepo. Chonde musaifufute."

M'mawa mwake anawasambitsa amayi, nawamwetsa phala, nakabwereka wayilesi ya kaseti kwa Mayi Malizani, ija yomanga ndi lamba wa chubu kumabatire. Anaikulunga m'chitenje, nakwera minibasi ya ku Limbe.

Anthu a ku Mozambique amene anathawa nkhondo anali atabwerera kwawo zaka ziwiri zapitazo, koma Limbe sasowa wotsalira. Anayambira kwa ogulitsa nsomba zouma. Atatsegula wayilesi, kukuwa kwa amayi ake kunatuluka pakati pa msika, pamodzi ndi ng'oma ndi aleluya.

"Masiteni, maliro amenewo ndi a gulu lanji?" anaseka venda wina wa kaunjika. "Tiikireni kwasakwasa tivine!"

Anastasia anayenda benchi ndi benchi, kutsegula, kubweza, kutsegulanso. Wa ku Tete anati sakumva kanthu. Mayi wa ku Mutarara anatseka makutu, nati achoke nazo. Dzuwa lili pamutu, mabatire atayamba kufooka, anapeza bambo wina wa ku Milanje wogulitsa nyemba. Uyu anamvetsera nthawi yaitali.

"Awa ndi a kumunsi, kwa kokonati," anatero. "Pitani kwa Che Majidi, telala wa pakhonde pa sitolo ya mmwenye, kuseri kwa depoti. Anthu amamuyesa Myao chifukwa cha kofia, koma si Myao ameneyo."

Che Majidi anali nkhalamba yowonda ya ndevu zoyera, tepi m'khosi, mapini pakamwa. Anali akupalasa makina, kusoka yunifolomu ya sukulu.

"Zigamba Lachisanu, mama. Lero ndadzaza."

"Si zosoka, bambo. Tamverani ichi."

Mawu anatuluka mokoka chifukwa cha mabatire. Phazi la Che Majidi linaima pa chopalasira. Anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi.

"Bwezani."

Anabweza.

"Munthu ameneyu mwamujambula kuti? Kundende?"

"Kunyumba. Ndi amayi anga."

"Amayi anu." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye akuwamenyawo ndani?"

"Palibe akuwamenya. Akuwapempherera. Bambo, ndiuzeni, akuti chiyani?"

"Chichuwabo ichi, cha kwathu. Chakale, chonga cha agogo anga. Zaka makumi atatu sindinachimve. Akuti, ndisiyeni. Akuti, fupa langa lathyoka, muno m'chiuno, linathyoka tsiku ndinagwa lija. Akuti, musandiimike, ndapota nanu, musandiimike." Anadikira kuti kaseti idutse pa aleluya. "Apa akuti, ana anga, ndinakulakwirani chiyani? Apa akuitana mwana wamkazi. Akuti, iwe umandisambitsa, uli ndi maso, tawauza."

Anastasia anakhala pansi pakhondepo, pakati pa tizidutswa ta nsalu. Anali ataona ndithu. Tsiku lililonse ankaona mwendo wakumanzere utafupika, phazi litagonera kunja, ntchafu itatupa n'kuda. Ankati ndi sitiroko, popeza wa kachipatala uja anati sitiroko. Kasanu ndi kanayi anawaimika pa fupa lothyoka, iye ali pomwepo ndi beseni.

"Nthawi ili bwanji, bambo?"

"Yadutsa wani."

"Thuu koloko awaimikanso."

Che Majidi sanafunse zambiri. Anaphimba makina ndi nsalu, nauza mlonda wa pasitolo kuti aziyang'anira, navala nsapato.

Minibasi inakana kunyamuka isanadzaze. Kondakitala ankakuwa kuti, "Bangwe, Bangwe, mmodzi yekha!" pomwe mipando inayi inali yopanda anthu. Anastasia anamudandaulira kuti kunyumba kuli wodwala. "Mayi, aliyense muno ali ndi wodwala," anayankha, osatembenuka n'komwe. Anafika ng'oma itayamba kale. Kukuwa anakumva ali pa kamlatho kaja, ndipo nkhalamba ya telala inakwera chitundacho ikuthamanga, mkanjo itaugwira m'manja.

M'nyumba, amuna anayi aja anali atawagwira Mayi Lusiya m'khwapa, mapazi akukhwekhwerezeka pansi.

"Atsitseni!" anakuwa Anastasia, koma ng'oma inameza mawu ake.

Yona anaona mkanjo ndi kofia pakhomo. "Chemwali, mwapenga? Mukulowetsa Msilamu pakati pa mapemphero?"

Che Majidi sanamuyang'ane. Anavula nsapato, nalankhula mokweza mawu ochepa m'chilankhulo chija.

Mayi Lusiya analeka kukuwa. Mutu wawo unatembenuka pang'onopang'ono, kufunafuna. Anayankha. Che Majidi ananenanso, iwo anayankhanso, mwachifatse, ngati anthu okumana pachitsime. Woimba ng'oma analeka yekha.

"Kodi nayenso ali nawo mzimu?" ananong'ona mayi wa duku loyera uja.

"Ndawapatsa moni," anatero Che Majidi. "Akuti alipo, koma muwagoneke. Pang'onopang'ono, inu! Wina agwire mwendowo usalendewere."

Atawagoneka, Anastasia anagwada, nakweza chitenje cha amayi ake mpaka m'chiuno pamaso pa anthu onse, amuna ndi akazi, chinthu chosachitika.

"Achimwene, bwerani muone. Bwerani! Mumamasulira ndinu, masulirani ichi."

Yona anayang'ana ntchafu yakudayo. "Koma ine ndinkamva mumtima..."

"Akhala akukuuzani kuti fupa lathyoka. Masabata atatu."

"Inunso simunamve, chemwali."

"Inenso sindinamve."

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense kufuna nsapato zake. Panjira ena ankati Satana walowerera, ena ankati iwo anakayika kuyambira kale. Amuna anayi aja ndiwo anatsala. Anazula chitseko cha kuchipinda, nagonekapo Mayi Lusiya, natsika nawo kumsewu, komwe anaimitsa pikapu ya matola.

Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha m'tauni, anawajambula. Dokotala, mtsikana wooneka wotopa, anakweza chithunzicho pawindo. Fupa linali litathyoka, ndipo mbali zake ziwiri zinakhulana mpaka kunyenyeka. M'chifuwa munali chibayo, kumsana zilonda.

"Opaleshoni sitingachite thupi likutentha chonchi," anatero. "Akanabwera sabata yoyamba bwenzi tikunena zina. Kodi munthuyu amayendera mwendo umenewu?"

Yona anayang'ana nsapato zake. Kuyambira tsiku limenelo sanalowenso m'wodi. Ankakhala panja pansi pa mtengo, jekete atalipinda pamaondo, n'kumatumiza nthochi zimene wodwala sakanatha kudya.

Che Majidi ankabwera madzulo aliwonse nthawi ya alendo, ndi kambale ka mpunga wophika ndi kokonati kochokera kwa akazi awo. Mayi Lusiya ankadya masipuni awiri, kenaka macheza. Ola lathunthu. Anastasia ankakhala kumiyendo kwa bedi ngati mlendo. Ku Bangwe amayi ake ankadziwika kuti ndi munthu wofatsa, wa mawu awiri. Tsopano ankalankhula osapumira, kutsutsa, kufunsa, ndipo kamodzi anaseka ndithu ndi theka la pakamwa.

"Akuti chiyani?"

"Akunena za mtsinje wa kwawo ndi minda ya mpunga. Akuti anachoka ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndi amalume awo, pothawa chibalo cha Apwitikizi. Anayenda masiku khumi ndi awiri. Amayi awo anatsala ndi khanda, anati abwera m'mbuyo. Sanabwere."

"Za ife sakunena?"

Che Majidi anakanda ndevu. "Sananene, mama."

Lachisanu Anastasia anamukokera telalayo pakhonde la wodi, namupempha kuti amuphunzitse kupepesa. Anali mawu atatu okha. Anawabwereza kambirimbiri, lilime likukana. Analowa, nagwada pambali pa bedi, nawanena. Mayi Lusiya anamuyang'ana nthawi yaitali, nanena kanthu.

"Akuti mukutchula ngati wansembe wachizungu," anatero Che Majidi. "Akuti nenaninso."

Ananenanso. Amayiwo anamukonza kawiri, katatu, mpaka nthawi ya alendo inatha. Ngati anakhululuka, sananene.

Loweruka kunatulukira Howard. Sanadikire kutha kwa mwezi, chikumbumtima chinamuluma, ndipo Mayi Malizani anamulozera kuchipatala. Atamva za fupa anavula magalasi. Koma ntchito ndi ntchito. Anapempha ngati angafunseko mawu ochepa, ndipo Che Majidi atawafotokozera, Mayi Lusiya anavomera msanga. Madzi amati chiyani, moto, dzino, mwezi, mwana. Iwo ankayankha limodzilimodzi, mpweya ukuvuta, koma maso akuwala, ndipo penapake anamudzudzula Che Majidi kuti liwu lakelo ndi la Chipwitikizi, osati la makolo.

"Mwamva?" anatero Howard, cholembera chikuthamanga. "Pakati pa awiriwa pali zaka makumi anayi zokha chichokere kwawo, koma chilankhulo chasuntha kale. Agogowa asunga mawu amene kwawo komweko mwina anatayika."

Atafika pa liwu la makumi atatu, wodwala anayamba kutsokomola, Anastasia nati zakwana. Howard anathokoza, nalongedza kawayilesi kake m'chikwama. Anati abweranso Lachitatu.

Lolemba m'mawa, cha m'ma naini, Che Majidi ali pa makina awo ku Limbe, Mayi Lusiya anagwira mkono wa Anastasia ndi dzanja lawo lamoyo lija, mwamphamvu. Anayamba kulankhula. Sikunali kukuwa. Anali mawu odekha, oyalidwa bwino, ngati a munthu wopereka malangizo asananyamuke ulendo. Ankamuyang'ana m'maso, kuima, kudikira, n'kupitiriza.

Anastasia anamwaza maso wodi yonse. "Alipo womva Chichuwabo muno? Chonde, abale!" Anzake odikirira odwala anapukusa mitu. Wina anathamanga kukafunsa wodi ya amuna, nabwera yekha. Anastasia anayesa kugwira mawuwo pamtima, koma mawu osawadziwa n'kutunga madzi ndi dengu. Ananena mawu atatu aja, okhawo amene anali nawo. Amayi anapukusa mutu kuti si zimenezo. Anabwereza chiganizo chomaliza kawiri, mokweza pang'ono, monga timachitira ndi wogontha. Kenaka dzanja linamasuka.

Madzulo Che Majidi anafika ndi kambale kawo, napeza bedi atayalula. Anastasia anali panja pafupi ndi mchimwene wake. Anaimirira, nayesa kumutchulira telalayo zimene anakumbuka. Iye anamvetsera, namupempha kuti abwereze, nabwerezanso. Pomaliza anapukusa mutu.

"Mama, apa palibe liwu ndi limodzi lomwe. Mwangotsala ndi kamvekedwe."

Ndiye inu amene mwamva izi, ngati kwanu kuli nkhalamba imene inameza chilankhulo chake, zachisoni zisiyeni, sizithandiza munthu. Kokani mpando lero lomwe mufunse kumene anachokera, ndi kuti kwawoko ludzu amati chiyani, kupweteka amati chiyani. Ana a Mayi Lusiya anachedwa. Inu chitaniko bwino kuposa iwo.